Rauta yachiwiri yayamba kugwira ntchito

Ntchito yofikitsa Wi-Fi ku boyizikota kuno ku Kasungu yafika pabwino. Rauta yachiwiri, TP-Link Archer C7 yomwe ndinagula kwa munthu, ndaifulasha (ndachotsa pulogalamu yake yoyendetsera n'kuikamo ina) ndi OpenWrt, ndipo tsopano ntchito yake ndi kumwaza netiweki basi. Intaneti ikuchokerabe pa rauta ya 4G ya m'nyumba yayikulu. Ziwirizi ndazilumikiza ndi chingwe cha Cat5e chomwe ndachilowetsa m'paipi ya pulasitiki n'kukwirira pansi, kuopa makoswe ndi khasu. Chingwe chotere chisapitirire mamita 100.

OpenWrt ndi pulogalamu yoyendetsa marauta yochokera ku Linux, yaulere, ndipo inayamba mu 2004 kampani ya Linksys itatulutsa khodi ya rauta yake ya WRT54G. Mukangomaliza kufulasha, Wi-Fi imakhala yozimitsa dala, ndiye musaganize kuti mwapha rauta. Lumikizani kompyuta ku rauta ndi chingwe, tsegulani 192.168.1.1 pa browser, mupeza LuCI, tsamba losinthira zinthu mu OpenWrt. M'menemo ndinaipatsa adiresi ina yogwirizana ndi netiweki ya rauta yayikulu, ndinazimitsa DHCP (yomwe imagawa maadiresi ku mafoni ndi makompyuta), dziko n'kuika MW, kutanthauza Malawi. Za DHCP musazitenge mopepuka. Marauta onse awiri akamagawa maadiresi, foni imaonetsa kuti yalumikizika bwinobwino koma WhatsApp ili duu.

Chomwe chandidyera nthawi ndi khoma. Njerwa zootcha zimameza Wi-Fi ya 5 GHz moti ukangolowa chipinda chachiwiri timizere tonse tatha. Ya 2.4 GHz ndiye imapirira. Malata nawo amabweza siginolo, choncho rauta yoikidwa pamwamba pa siling'i, kufupi ndi denga, palibe chomwe imapindula. Ndaikhomera pakhoma la pakhonde, m'munsi pang'ono mwa denga pomwe mvula siifika, tinyanga take tili chilili. Kuti ma Wi-Fi asasokonezane, ya m'nyumba ili pa tchanelo 1, iyi pa 11, zonse pa 20 MHz. Pa 6 ndawasiyira aneba.

Amene mukufuna kugula rauta yakale, funsani kaye memori. Zija za 4 MB flash ndi 32 MB RAM, monga TL-WR841N zakale, OpenWrt inazisiya pambuyo pa veshoni 19.07. Kutchipa kwake kusakukopeni. C7 yangayi ili ndi 16 MB flash ndi 128 MB RAM.

Chatsala ndi magetsi. Rautayi imadya 12V, ndiye ndikufuna izitapa pa batire ya sola popanda inveta. Koma batire ikamatchajidwa masana imakwera mpaka cha m'ma 14V, choncho sindilumikiza mpaka nditapeza regulator (kachipangizo kosunga magetsi pa 12V) ndi fyuzi.