Ole Gunnar Solskjær ndi ntchito yodikira pabenchi

Anthu ambiri okonda mpira wa ku England akamva dzina la Ole Gunnar Solskjær, maganizo awo amathamangira ku chigoli chimodzi chokha, chimene anamwetsa mumzinda wa Barcelona usiku wa pa 26 Meyi 1999, pomwe achinyamata a masiku ano amangomudziwa ngati mphunzitsi amene anachotsedwa ntchito ku Manchester United mu 2021. Ine ndimaona kuti zonse ziwirizi zimamuchepetsa munthuyu. Anasewera ku United zaka 11, anamwetsa zigoli 126 m'masewero 366, ndipo chimene chimandigwira mtima kwambiri pa mbiri yake ndi mmene anatengera kukhala pabenchi, chinthu chimene osewera ambiri amachiona ngati chipongwe, n'kuchisandutsa ntchito yofuna nzeru ndi khama.

Solskjær anabadwa pa 26 Febuluwale 1973 ku Kristiansund, tauni yotchuka ndi usodzi imene inamangidwa pa tizilumba ta kugombe la kumadzulo kwa Norway. Bambo ake anali katswiri wa masewero ogwetsana, koma mwanayu anasankha mpira, ndipo anakulira m'timu yaing'ono ya kwawo yotchedwa Clausenengen, imene inkasewera m'maligi apansi. Kumeneko ankagoletsa pafupifupi m'masewero alionse, komabe anafika zaka 21 asanakhudzeko mpira wa ligi yaikulu ya dziko lake. Masiku ano, pamene matimu akuluakulu amakanganirana ana a zaka 15, wosewera wotere akanawerengedwa kale m'gulu la otsalira. Mphunzitsi Åge Hareide ndiye anamutengera ku Molde, kumene anayamba kusewera mu 1995, ndipo m'chaka chimodzi ndi theka anamwetsa zigoli 31 m'ligi.

Kupita kwake ku England kunachitika mosayembekezereka. Mu Juni 1996, Jim Ryan, mmodzi wa aphunzitsi a United, anakaonera masewero a Norway ndi Azerbaijan pofuna kuona Ronny Johnsen, wosewera kumbuyo amene timuyi inkamufuna. Solskjær anamwetsa zigoli ziwiri tsiku limenelo, ndipo mwezi wotsatira United inamugula pamtengo wa mapaundi 1.5 miliyoni. Ochemerera timuyi nthawi imeneyo mitima yawo inali pa Alan Shearer, amene anapita ku Newcastle United pamtengo wa mapaundi 15 miliyoni, choncho mnyamata wochepa thupi, wa nkhope yachibwana, amene dzina lake linkavuta ngakhale kulitchula, sanasangalatse anthu ambiri. Pa 25 Ogasiti 1996 analowa m'bwalo koyamba kuchokera pabenchi pa masewero ndi Blackburn Rovers, ndipo patangopita mphindi 6 anagoletsa. Chaka chimenecho anamwetsa zigoli 18 m'ligi, kuposa wosewera wina aliyense wa United, ndipo timuyi inatenga chikho cha Premier League.

Pamenepa ndiime pang'ono, chifukwa anthu amaiwala kuti munthuyu sanayambe monga wosewera wapabenchi, ndiponso kuti zigoli zimene anamwetsa atalowa m'malo mwa mnzake sizifika 30 pa zigoli 126 zija. Zochuluka anazimwetsa m'masewero amene anayamba nawo kuyambira pachiyambi. Sanali wosewera woperewera amene ankangodalira otchinga kumbuyo otopa. Akanatha kukhala womwetsa zigoli wodalirika m'timu ina iliyonse ya ku England, ndipo n'chifukwa chake zimene anasankha mu 1998 zili ndi tanthauzo lalikulu.

Chaka chimenecho United inagula Dwight Yorke kuchokera ku Aston Villa pamtengo woposa mapaundi 12 miliyoni, pomwe Andy Cole ndi Teddy Sheringham analipo kale. Aliyense ankaona kuti malo a Solskjær achepa. Timu ya Tottenham Hotspur inalonjeza mapaundi 5.5 miliyoni, akuluakulu a United anavomera, ndipo chimene chinatsala chinali chakuti mwiniwake asaine. Iye anakana, atakambirana ndi mphunzitsi wamkulu wa United, Alex Ferguson, amene anamutsimikizira kuti akumufunabe. Wina anganene kuti anaopa kusenza udindo wotsogolera timu payekha, koma ine sindikuona choncho, chifukwa kukhala m'timu imene muli osewera kutsogolo anayi aluso n'kovuta kuposa kukhala mfumu m'timu imene mulibe wopikisana naye. Tsiku lililonse pokonzekera masewero ankayenera kusonyeza kuti ndi woyenera, akudziwa kuti Loweruka likafika mwina adzapatsidwa mphindi 20 zokha, mwinanso osapatsidwa n'komwe.

Mmene ankagwiritsira ntchito nthawi yodikirayo ndiye pagona nkhani. Iye mwini wakhala akufotokoza kuti akakhala pabenchi sankaonera mpira ngati wochemerera, koma ankayang'anitsitsa otchinga kumbuyo a timu inayo: amene wayamba kutopa, amene amachedwa kutembenuka, amene amakonda kuthamangira mpira n'kusiya mpata kumbuyo kwake, komanso mmene goloboyi amaimira. Akamalowa m'bwalo ankakhala atadziwa kale mbali imene adzere. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa Solskjær sikunali kongopinda manja. Wosewera wina akaikidwa pabenchi amakhala atakwinya nkhope, mtima uli pa mphunzitsi amene wamusiya, ndipo akaitanidwa amatha mphindi 10 asanadziwe n'komwe mmene masewero akuyendera. Kwa munthu amene wapatsidwa mphindi 15, kutaya 10 ndi kutaya zonse.

Miyezi yoyambirira ya 1999 inasonyeza phindu la khalidwe limeneli. Mu Januwale, pa mpikisano wa FA Cup, United inali itatsala pang'ono kutulutsidwa ndi Liverpool, timu imene Solskjær ankaichemerera ali mwana. Yorke anabweza chigoli kutatsala mphindi ziwiri, ndipo m'mphindi zowonjezera Solskjær, amene anali atangolowa kumene, anamwetsa chachiwiri. Pa 6 Febuluwale, kubwalo la Nottingham Forest, analowa m'malo mwa Yorke patatsala mphindi zosakwana 20, United ikutsogola kale 4–1. Jim Ryan anamuuza kuti palibe chifukwa chosakira zigoli zina, angosunga mpira kuti nthawi ithe. Iye anamwetsa zigoli zinayi m'mphindi zomalizirazo, ndipo masewero anatha 8–1. Sikuti ananyoza malangizo, koma kuti wosewera wopatsidwa nthawi yochepa alibe masewero amene angawaone ngati atha kale.

Usiku uja wa ku Barcelona, m'bwalo la Camp Nou, ndi wodziwika, komabe anthu ambiri amangokumbukira kukhudza komaliza, n'kuiwala zimene zinatsogolera. United inasewera ndime yomaliza ya Champions League ndi Bayern Munich ya ku Germany popanda Roy Keane ndi Paul Scholes, amene anali pachilango. Mario Basler anagoletsera Bayern Munich pa mphindi ya 6, ndipo m'chigawo chachiwiri mpira wa Mehmet Scholl komanso wa Carsten Jancker, onse a Bayern, unamenya zitsulo za golo. Sheringham analowa pa mphindi ya 67, Solskjær analowa m'malo mwa Cole pa mphindi ya 81. Pamphindi 90 panawonjezedwa mphindi zitatu. Kona yoyamba inabala chigoli cha Sheringham. Mpira utangoyambanso, Solskjær ndiye anathamangira mpira wautali kumanzere, n'kulimbana ndi Samuel Kuffour wa ku Ghana, wotchinga kumbuyo wa Bayern, mpaka mpirawo unagunda Kuffour n'kutuluka, kukhala kona yachiwiri. Osewera ambiri pamenepo akanakhutira ndi kulepherana mphamvu n'kudikira nthawi yowonjezera, koma iye anaithamangira konayo ngati kuti timu yake ikugonjabe. David Beckham anamenya kona, Sheringham anaupatutsa mpira ndi mutu, ndipo Solskjær, ataima pafupi ndi chitsulo chakutali, anangotambasula mwendo wakumanja n'kuukankhira kudenga la ukonde goloboyi Oliver Kahn akuyang'ana. Kuffour anagwa pansi akumenya nthaka ndi nkhonya, akulira, ndipo ndimamumvera chisoni mpaka lero, chifukwa anali atasewera bwino usiku wonse. Chigoli chimenecho chinapatsa United chikho chachitatu m'chaka chimodzi, pambuyo pa Premier League ndi FA Cup.

Pali tsiku lina limene ochemerera United amalikumbukira monyadira, koma ine sindigwirizana nawo. Mu Epulo 1998, masewero ndi Newcastle ali 1–1 chakumapeto, Rob Lee anathawa ndi mpira yekha kulunjika kugolo la United. Solskjær anamuthamangitsa pafupifupi bwalo lonse n'kumugwetsa dala, ndipo anapatsidwa khadi lofiira, anthu ku Old Trafford, bwalo la United, akumuombera m'manja. N'zoona kuti anadzipereka chifukwa cha timu, koma kunali kuphwanya lamulo mwadala, ndipo Ferguson anachita bwino kumudzudzula ndi kumulipiritsa m'malo momutamanda. Chikhocho chinapitabe ku Arsenal chaka chimenecho.

M'timu ya dziko la Norway anasewera masewero 67 n'kumwetsa zigoli 23, ndipo anali m'gulu limene linapita ku World Cup ya 1998 ku France ndi ku Euro 2000. Kaseweredwe ka Norway ka nthawi imeneyo, kodalira mipira yaitali ndi osewera ataliatali monga Tore André Flo, sikanali komuyenera kwenikweni, choncho mbiri yake yeniyeni inalembedwera ku Manchester.

Ruud van Nistelrooy atabwera mu 2001, malo anachepanso, koma Solskjær anamwetsa zigoli 17 m'ligi chaka chimenecho. Chaka chotsatira Ferguson anayamba kumuseweretsa kumbali yakumanja, ndipo anaphunzira ntchito yatsopanoyo ali ndi zaka pafupifupi 30, mpaka mu Epulo 2003, pa masewero aakulu ndi Real Madrid ku Old Trafford, iye ndiye anayamba pomwe Beckham anakhala pabenchi. Beckham atagulitsidwa ku Real Madrid chaka chomwecho, zinaoneka kuti Solskjær wapeza malo akeake okhazikika pambuyo pa zaka zambiri zodikira. Mu Sepitembala 2003, pa masewero ndi Panathinaikos, anavulala bondo. Apa ndi pamene mbiri yake imandipweteka mtima kwambiri, chifukwa mwayi umene anaugwirira ntchito nthawi yaitali unamupulumuka utangofika kumene m'manja.

Anabwerera kwa kanthawi kochepa mu 2004, koma bondo silinachire, ndipo mu Ogasiti chaka chimenecho anachitidwa opaleshoni yaikulu imene inamulepheretsa kusewera chaka chonse chotsatira. Anali atapitirira zaka 30, anali ndi mamendulo okwanira, ndipo palibe akanamudzudzula akanasiya mpira. Ochemerera anapitiriza kuimba dzina lake m'bwalo ngakhale sankasewera, ndipo anapachika chinsalu cholemekeza nambala 20 imene ankavala. Anaonekanso m'bwalo mu Disembala 2005. Pa 23 Ogasiti 2006, ku Charlton Athletic, anamwetsa chigoli chake choyamba m'ligi kuchokera mu Epulo 2003, ndipo anapita kutsogolo kwa ochemerera amene anayenda ulendo wochokera ku Manchester n'kuwaweramira mowathokoza. Kwa ine chigoli chimenecho, chimene chinali chachitatu m'masewero amene United inali itapambana kale, chimaonetsa mtima wa munthuyu kuposa cha ku Barcelona, chifukwa cha ku Barcelona chinafuna mphindi zochepa pomwe ichi chinafuna zaka zitatu za ululu ndi mafizo. Chaka chimenecho anamwetsa zigoli 11 m'mipikisano yonse n'kutenga chikho chake chachisanu ndi chimodzi cha Premier League. Bondo linayambiranso kuvuta, ndipo mu Ogasiti 2007 analengeza kuti wasiya kusewera.

Za uphunzitsi wake sindichulutsa mawu. Anayambira ku timu yachiwiri ya United, kenako anabwerera ku Molde n'kuipatsa chikho cha ligi choyamba m'mbiri yake mu 2011, chaka chimene timuyi inakwanitsa zaka 100, ndipo anachitetezanso mu 2012. Ku Cardiff City mu 2014 zinthu sizinayende, timuyo inatsika ligi. Ku United, kumene analowa m'malo mwa José Mourinho mu Disembala 2018, anamaliza pa nambala 2 m'ligi mu 2021 ndipo anagonja pa mapenate kwa Villarreal m'ndime yomaliza ya Europa League, koma anachoka mu Novembala chaka chomwecho asanatenge chikho. Amene amati udindowo unamukulira ali ndi mfundo zawo, ngakhale kuti aphunzitsi ena otchuka kwambiri kuposa iye anavutikanso pampando womwewo.

Ntchito imene ndimaiona kuti inamuyenera kwambiri monga mphunzitsi ndi yosula osewera kutsogolo, ndipo umboni wake unaoneka ku Molde. Mu 2017 timuyi inatenga mnyamata wa zaka 16 kuchokera ku Bryne, dzina lake Erling Haaland, amene anali wamtali ndi wamphamvu koma luso lake lisanakhwime. Solskjær sanamuthamangitsire m'timu yoyamba. Ankamulowetsa pang'onopang'ono kuchokera pabenchi, akumuphunzitsa kaimidwe ka m'dera la goloboyi ndi kamalizidwe ka mipira. Pa 1 Julayi 2018, mumzinda wa Bergen, Haaland anamwetsa zigoli zinayi m'mphindi 21 zoyambirira pa masewero ndi Brann, timu imene inali isanagonjepo m'ligi chaka chimenecho. Solskjær ananena pambuyo pake kuti analangiza akuluakulu a United kuti amugule mnyamatayo mtengo wake usanakwere, koma sanamumvere. Haaland anapita ku Red Bull Salzburg mu Januwale 2019, kenako ku Borussia Dortmund, ndipo mu 2022 anafika mumzinda wa Manchester atavala yunifolomu ya Manchester City.