Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Pepala la pageti

Paja ndinalekezera pomwe ndinalembedwa ntchito pa fakitale ina ya mapulasitiki ku Makata, mumzinda wa Blantyre. Kumudzi atamva anati mwana wathu wapata. Sankadziwa kuti kontirakiti yanga inali ya miyezi itatu, ikatha n'kusainanso ina ngati abwana akukufunabe.

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi akathima makina athu ankangoti zii, jenereta inali yongoyatsira maofesi. Apa m'pamene linayambira pepala la pageti. Lolemba lililonse kapitawo ankamata mndandanda wa mayina. Lako likakhalapo, lowa. Likasowa, "kadikireni kunyumba, tikuimbirani." Anaimbiridwapo ndani?

Ndinkalawira kusanache wapansi kuchokera ku Ndirande, mtima uli phaphapha njira yonse. Koma chomwe chimandiwawa mpaka lero ndi momwe mantha anatisinthira. Anthu amene tinkadyera limodzi chimanga chootcha pa nkhomaliro tinayamba kuyang'anana ndi diso lofiira. Ukaona mnzako akuseka ndi kapitawo, umangoti basi, ameneyu akundidyera miseche. Mdala wina wa pamakina odulira anagwira ntchito sabata yathunthu malungo atamupana, thukuta lili kamukamu, jekete ziwiri m'thupi. Nditamuuza kuti apite kuchipatala anangoti, "Achimwene, mukufuna ndidzifufute ndekha papepala?"

Pamalipiro ankadula 5 peresenti ya penshoni, ndipo lamulo limati abwana aziwonjezerapo 10 peresenti yawo. Ngati ndalamazo zinkafikadi koyenera, palibe analimba mtima kufunsa. Mawu oti yuniyoni tinkangonong'onezana kuseri kwa zimbudzi.

Mu Meyi kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mafuta ophikira n'kukwera, malipiro osasuntha. Tulo tinandithawa, ndipo ana ankati akamva mgugu wanga n'kuzimitsa wailesi. Mayi a kunyumba ndi amene anaona patali. Analowa banki m'khonde ya amayi a kutchalitchi, n'kutenga ngongole yoyambira kabenchi ka tomato ndi bonya pakhomo. Ine Lamlungu masana ndinkabwereka njinga yamoto ya alamu anga n'kumachita kabaza. Manyazi ndinali nawo, koma lendi ya miyezi imeneyo inatuluka m'bonya ndi kabazayo.

Dzina langa linasowa sabata yomwe ana ankatsegulira sukulu. Gawo likubwerali ndikuuzani zomwe ndinakakumana nazo nditapita kukadandaula ku ofesi ya zantchito.