Ayi, sindinakhwime

Nkhani ija yafika kale pabawo kwa Biwi, ati ine ndikuweta ndondocha m'madzi. Bola ndiifotokoze ndekha musanaithire mchere wina.

Thanki ya galasi ilipodi pabalaza, nsomba mulibe, ndipo n'zoona kuti ndimaidyetsa. Koma imvani kaye. Nsomba ikadya imatulutsa amoniya, ndipo m'thanki yatsopano amoniyayo amaipha nsomba yomweyo. Ndiye umayamba walera mabakiteriya mu siponji ya fyuluta, kamakina kosefa madzi. Ena amasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni, ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba imapirira bola uzisintha madzi. Zimatenga masabata 4 mpaka 6, ndipo nthawi yonseyo umathira chakudya m'madzi opanda kanthu kuti chiwole, tizilomboto tipeze chodya. Nsomba za mbuna zimene ndikufuna ine, zachikasu zija za m'miyala ya m'nyanja yathu, azungu amazikweza ndege n'kukazilandira ndi ulemu wotere kwawo. Ndiye ine mwini nyanja ndizizunze?

Chakudya cha m'kabotolo n'chodula, choncho ndinkangoponyamo kausipa kamodzi. Za fungo tikambirana tsiku lina.

Apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Dedza kudzaona mdzukulu. Anayang'ana thanki, anayang'ana mwana wawo, sananene kanthu.

Usiku wa tsokalo magetsi anathima. Fyuluta ikaima nthawi yaitali mpweya umatha mu siponji, mabakiteriya n'kuyamba kufa. Ndipo ndinali nditafika pabwino, madzi a m'kachubu koyezera nitrite atayamba kuchoka ku pepo kubwerera ku buluu. Pakati pa usiku ndinadzuka, kabudula yekha, chitenje cha mayi akunyumba paphewa, poti kuzizira kwa mu June ku Lilongwe sikucheza. Kandulo pambali, kapu m'manja, kutunga madzi, kuthira pa siponji, kutunga, kuthira. Patebulo timabotolo ta mankhwala oyezera ndi timachubu ta madzi obiriwira, apepo, ofiirira. Ndipo munthu ukakhala wekha usiku pakamwa sipakhala chete. Ndinkanong'ona kuti: "Limbani mtima anyamata, musandifere. Tatsala pang'ono."

Ndinangomva kakhosomo kumbuyo.

Apongozi ali chilili pakhomo, atafunda bulangete mpaka kumutu. Mwamwambo ine ndi iwo sitiyang'anana m'maso, ndiye iwo anayang'ana khoma, ine ndinayang'ana kandulo. Kausipa kali chagada pamwamba pa madzi, kakuzungulira pang'onopang'ono, diso limodzi kwa ine, kenako kwa iwo, kenako kwa ine.

"Pepani bambo. Mukucheza ndi ndani?"

Mayankho analipo ambirimbiri. Ndikanati ndikupemphera. Ndikanati ndimayenda kutulo kuyambira ndili mwana. Pakamwa panga panasankha kunena kuti: "Ndi tizilombo tanga, amayi. Sitioneka ndi maso."

Zii. Ngakhale agalu a kwa aneba anasiya kuuwa kuti amve bwino.

"Nanga timeneto timadya chiyani?"

"Zowola, amayi."

"Tilipo tingati?"

"Mamiliyoni. Tikuswana bwino ndithu."

Apa n'kuti ndikumwetulira, chifukwa kunena zoona aka kanali koyamba munthu m'nyumba muno kufunsa za ntchito yanga mwachidwi.

"Mwana wanga akudziwa?"

"Ndi amene anandithandiza kutola miyala."

Anatchula dzina la Ambuye motsitsa, n'kubwerera chafutambuyo osandipatsa msana. Ndinamva loko. Kenako ndinamva mpando ukukokedwa kukatsamira chitseko. Patapita kanthawi nyimbo inayamba, ya kumaliro.

Madzulo ake pochokera kuntchito ndinapeza thanki ili mbee, kuwala ngati mbale za Khirisimasi. Apongozi ndi amayi awiri a kutchalitchi, amene sindikudziwa kuti anawapeza bwanji mumzinda wachilendo, anali atagwira ntchito yotamandika. Madzi anakathira kuseri kwa mpanda. Miyala anaikwecha ndi sopo waufa umodziumodzi. Siponji anaichapa pampopi, madzi a klorini amene ntchito yake n'kupha mabakiteriya, ndipo klorini safunsa kuti awa ndi a mkamwini. Ndinaipeza pachingwe, yoyanikidwa bwinobwino pakati pa matewera. Mayi akunyumba anali kukhitchini, mapewa akugwedezeka, misozi ili mbwembwembwe. Ati ankadula anyezi. Tsiku limenelo ndiwo zinali nyemba za dzulo.

Inu amene mukuseka, ndani mwa inu analerapo chinthu osachiona ndi maso, osalandira ngakhale zikomo? Enanu munagula nsomba tsiku limodzi ndi thanki, Loweruka lake n'kukazikwirira m'maluwa. Komanso nyumba siinanunkhe mmene akunenera. Amphaka aja ankabwera kale.

Ponyamuka apongozi anandisiyira jumbo ya matemba kudzera mwa mwana wawo, ati ngati vuto ndi nsomba ndizingonena, ku Dedza zimapezeka.

Ndayambiranso ndi siponji yatsopano, poti sopo sachoka msanga. Kachubu koyezera amoniya kakadali kobiriwira, kusonyeza kuti amoniya akadalimo. Amene ali ndi thanki yakale andigawireko kachidutswa ka siponji yake yakudayo, zimafulumizitsa. Matembawo tadya.