Mulu wa maswiti pakona ku Chicago

Loweruka lapitali sindinali pa shifiti, ndiye mwana wa mnzanga amene amaphunzira zojambulajambula ku koleji anandikakamiza kuti anti tiyeni ku Chicago mukaoneko myuziyamu, osamangoti kuntchito kunyumba kuntchito kunyumba. Tinakwera sitima ya South Shore Line kuno ku South Bend mpaka ku Millennium Station, kuchoka pamenepo Art Institute of Chicago ndi pafupi, wapansi basi, pali ziboliboli ziwiri za mikango pakhomo. Zithunzi za pakhoma tinaona zambirimbiri mpaka miyendo kuwawa. Koma chimene chandisowetsa tulo sabata yonseyi ndi mulu wa maswiti.

Eya maswiti enieni, okutidwa m'timapepala tonyezimira, tofiira tobiriwira tachikasu, angowathira pansi pakona ya chipinda ngati mmene timaunjikira chimanga chosola. Palibe galasi, palibe chingwe chotchinga. Ndinaona mzimayi wina akuwerama n'kutola imodzi, ine mtima phaa kuti amugwira ameneyu, koma mlonda amene anaima pambali anangomuyang'ana osanena kanthu. Mwana uja akuti anti tolani nanunso, amaloleza, ndi mmene mwini wake anafunira.

Ndinatola yofiira. Nditaiponya kale mkamwa ndi pamene anayamba kundifotokozera.

Anapanga zimenezi ndi Felix Gonzalez-Torres, wobadwira ku Cuba mu 1957 koma ankakhala ku New York. Ntchitoyi anaitcha "Untitled" (Portrait of Ross in L.A.), ndi ya mu 1991, chaka chimene wokondedwa wake Ross Laycock anamwalira ndi Edzi. Mulu uja ukakhala wathunthu umayenera kulemera mapaundi 175, ndiye kuti makilo 79 ndi kanthu, ndipo ambiri amati ndilo sikelo ya Ross ali bwinobwino asanayambe kudwala. Aliyense wodutsa akutola imodzi, wina ziwiri, mulu ukuchepa, munthu uja akutha inu mukuona, ndipo amene mukumuchepetsa ndinu nomwe ndi dzanja lanu. Gonzalez-Torres nayenso anapita ndi matenda omwewo mu 1996, ali ndi zaka 38 zokha.

Abale, switi ija inandikanika kumeza. Kulavula sindikanatha, kutafuna mantha, ndinangoima pamenepo ikusungunuka yokha palilime.

Achemwali anga anayamba kudwala mu 2001. Nthawi imeneyo ma ARV aulere kunalibe, anadzayamba mu 2004, patatha kale zaka ziwiri iwo atatisiya. Anali mayi wathupi, akamaseka pamsika anthu amadziwa kuti afika. Ine ndi amene ndinkawaperekeza kuchipatala ndipo ulendo uliwonse amayamba ndi kukwera sikelo, nesi n'kulemba m'kabuku kaja. Ndimakumbukira manambala mpaka lero koma sindiwalemba pano. Chimene ndinganene ndi chitenje. Poyamba chinkangokumana bwino m'chiuno, kenako chinayamba kuzungulira kawiri, pomaliza ndinkachipinda kaye pakati ndisanawamangire. Ndipo m'nyumba mwathu palibe anatchula dzina la matendawo, timangoti akudwaladwala, anthu panjira amati kaliwondewonde chapansipansi ife tikadutsa. Powasambitsa ndinkawanyamula ndekha, ine amene iwo ankandibereka kumbuyo ndili khanda.

Ndiye munthu wina wa ku Cuba amene sanapondeko Dedza, amene moyo wake ndi wathu sizikufanana n'komwe, anapeza njira yonenera chinthu chimene ine ndakhala nacho pakhosi zaka zoposa makumi awiri. Ena akamva kuti Ross anali mwamuna mnzake ayamba kale kukwinya nkhope, ndikudziwa anthu athu. Ine ndinangoona munthu amene anadwazika wake mpaka kumuika, ngati ine.

Pobwerera m'sitima mwana uja anandionetsa pafoni ena amene amapanga zinthu zoti ziwonongeke dala, akuti ndi mtundu wake wa luso ndipo unayamba kalekale. Jean Tinguely mu 1960 anamanga chimakina cha mateyala a njinga, mamota ndi piyano m'munda wa Museum of Modern Art ku New York, cholinga chake chidziphwanye chokha anthu akuonerera, chinagwira moto mpaka ozimitsa moto kulowererapo pasanathe theka la ola. Icho sichinandikhudze kwenikweni. Amene anandigwira mtima ndi Gustav Metzger. Anabadwira ku Nuremberg ku Germany mu 1926, Myuda, anamuthawitsira ku Britain mu 1939 ali kamnyamata, makolo ake anaphedwa ndi a Nazi. Mu 1961 anaima ku South Bank mu London atavala chophimba kumaso cha gasi, n'kumapopera asidi pansalu za nayiloni, nsalu zija zikung'ambika n'kusungunuka pamaso pa anthu, posakhalitsa pangotsala zitsulo ndi nsanza zikulendewera. Munthu amene dziko linamudyera mayi ndi bambo ake mukufuna ajambule maluwa? Ameneyo ndinamumva.

Koma pali mmodzi amene ndinakangana naye mumtima ulendo wonse, Michael Landy. Mu February 2001 anatenga katundu wake yense, zinthu 7,227, kuyambira masokosi, mabuku, pasipoti mpaka galimoto yake ya Saab, n'kukaziika m'sitolo yakale ya C&A pa Oxford Street ku London, ndipo kwa masabata awiri iye ndi omuthandiza ankaphwasula chimodzichimodzi n'kuchigaya, anthu akulowa kudzaonerera. Anatsala ndi ovololo imene anavala basi. Ndinapsa mtima, sindinama. Chaka chomwecho ife tinkagulitsa mashini osokera a achemwali kuti tipeze ya transipoti ndi Sobo, ndiye wina akugaya galimoto yoyenda? Mwana uja akuti anti cholinga chake chinali kufunsa kuti munthu ndi ndani mukamuchotsera katundu. Ndinati funso limenelo akafunse anthu a ku Nsanje amene madzi anawatengera zonse usiku umodzi, iwo sanasankhe. Mpaka pano maganizo amenewo sindinasinthe. Chokhacho chimene chinandifewetsa n'choti pa zinthu zonsezo panalinso jekete ya chikopa cha nkhosa ya bambo ake, amene anavulala pa ntchito yokumba pansi, ndipo imeneyo anaisunga mpaka kumapeto, inali yomuvuta kuiponya m'chigayo. Pamenepo ndinaona kuti nayenso zinamuwawa.

Komanso ndikaganiza, kupanga chinthu chokongola ukudziwa kuti sichikhalitsa si zachilendo kwa ife Achewa. Za kudambwe ine sindizilowa ndipo ndimazilemekeza, ndingonena zimene zimanenedwa poyera, kuti Kasiyamaliro akavina n'kuperekeza mzimu wa malemu samusunga kuti adzaonetse alendo, amatha ndi moto. Ntchito yake inali kuperekeza, yatha, nayenso apite. Ndili mwana ndinkamuona mbandakucha akuzungulira pabwalo fumbi lili koboo, azimayi akuimba, kukacha osamuonanso, ndipo palibe amene ankadandaula kuti luso lawonongeka.

Pali chimodzi chimene mwana uja anandiuza titatsala pang'ono kufika, n'chimene chinandimaliza. Akuti mulu uja ukachepa a myuziyamu amathiramo maswiti ena, Gonzalez-Torres analola kuti zizitero. Ndiye Ross amawonda, kenako m'mawa wina ogwira ntchito amabwera ndi makatoni n'kumubwezera thupi lake, anthu n'kuyambanso kutola. Kuyambira 1991 mpaka lero. Ndinatembenukira kuwindo kuti mwana wa eni asandione, chifukwa ine ndinkaphika phala la soya, kuthiramo nsinjiro, mazira, chilichonse chimene anthu anena kuti chimanenepetsa, ndipo sikelo ija sinabwerere m'mbuyo ngakhale kamodzi.

Kapepala kofiira ka switi ija sindinataye, ndinakawongola bwinobwino ndi chikhadabo n'kukaika m'Baibulo pamodzi ndi chithunzi chawo chija anajambulitsa ku studiyo atavala chilundu chobiriwira, masaya ali tonono. Lamulungu ndinaimbira mayi pa WhatsApp, tinacheza za mvula ndi feteleza, kenako ndinangoti amayi, achemwali ija inali Edzi eti. Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinayang'ana foni ngati netiweki yaduka. Kenako anati eya mwanangu, inali imeneyo.