HOD, sikimu musamangosayina

Mkulu wa dipatimenti pa sekondale, amene timangomutcha HOD, ali ndi udindo koma alibe chikwapu. Sangasamutse mphunzitsi, sangamuimitse ntchito. Kuno ku Salima nkhani zotere zimadzera kwa ahedi n'kupita ku divishoni, ofesi ya maphunziro ya chigawo chino, ku Kasungu. Chimene ali nacho m'manja ndi sikimu (ndondomeko ya mitu imene mphunzitsi adzaphunzitse pa temu), marekodi (m'mene amalemba zimene waphunzitsa kale) ndi makope a ana.

Sabata yoyamba ya temu, tolerani masikimu onse ndipo muyambe mwawerenga masabata musanaone mitu. Chotsani a mayeso omaliza ndi masiku a mayeso a pakati pa temu. Pa temu yachiwiri siyani sabata imodzi yopanda mutu, chifukwa mu Januwale ndi Febuluwale mitsinje ikasefukira ana a sekondale zoyendera (CDSS) ochokera kutali safika, malungonso amakhala atavuta. Sikimu yodzaza mpaka tsiku lomaliza imangooneka bwino papepala.

Marekodi muziwaona masabata awiri aliwonse, koma osati paokha. Lowani m'kalasi mutenge makope atatu: la mwana wa kutsogolo, la wa kumbuyo, ndi la uja amajombajomba usipa ukachuluka kunyanja. Mukapeza kuti rekodi ikuti mutu unatha koma m'makope onse atatu mulibe ngakhale deti, dziwani kuti munthu anangokopera sikimu usiku wa dzulo lake. Musathamangire kunena kuti ndi ulesi. Kawirikawiri mphunzitsi amalumpha mutu umene iye mwini sakuumvetsa, makamaka ngati anapatsidwa Physics kapena Chemistry chifukwa panalibe wina. Ameneyo kumunenera kwa ahedi sikuthandiza. Mupezereni mnzake asinthane mapiriyodi sabata imeneyo, iye akhale kumbuyo aone mmene mutuwo umayendera.

Kudzudzula kwa mu sitafu, anzake akumwa tiyi, kumangobala chidani. Muitanireni pambali: “Madamu, tandithandizani, Fomu 3 ili pati pa silabasi?” Zimene mwagwirizana lembani, ndi deti lomwe. Zikabwereza kachitatu m'pamene mupite nazo kwa adepute, pepala lili m'manja.

Pogawa makalasi, ma HOD ambiri amadzisungira Fomu 4 n'kukankhira Fomu 1 kwa wobwera kumene. Komatu ana a Fomu 1 ndi amene akuvutika kutsatira Chingerezi cha ku sekondale, ndipo akasochera pamenepo zimadzaonekera pa JCE ndi MSCE. Tenganiko kalasi imodzi ya m'munsi, ndipo sikimu yanu muipereke kwa adepute ayione tsiku lomwelo limene mukutolera za anzanu.