Kesi ya kompyuta yoti ipirire kutentha ndi fumbi la ku Mangochi

Bokosi lija ambirife timalitchula kuti CPU, amisiri amalitcha kesi. CPU yeniyeni ndi purosesa, kachipangizo kophwatalala kosaposa kabokosi ka machesi, kamene kamakhala pa motherboard, bodi yaikulu yolumikizirapo zipangizo zonse, m'katimo. Munthu akamalumikiza yekha kompyuta ya padesiki, ndalama zimathera pa purosesa, RAM (memore yogwirira ntchito) ndi graphics card (khadi yotulutsa zithunzi pa sikirini), kenako kesi amagula ndi zotsala. Kumalo kozizira ngati ku Dedza mwina nkupulumuka nazo. Kuno ku Mangochi ayi.

Chifukwa chake n'chosavuta. Cooler, choziziritsira chomwe chimakhala pamwamba pa purosesa, siipanga kuzizira, imangotenga kutentha n'kukupatsira mpweya womwe uli m'kesimo. Mpweyawo ukalowa uli wotentha kale, purosesa nayo imakwera ndi madigiri omwewo. Anthu oyesa zipangizo pa YouTube nthawi zambiri amayesera m'zipinda zozizira, za madigiri 22 kapena chapompo. Chipinda cha malata chopanda siling'i pa Boma kapena ku Monkey Bay mu Okutobala masana chimafika madigiri 35 mosavuta. Ndiye purosesa yomwe kwa iwo yaonetsa madigiri 80, kwa inu yembekezerani 93. Mapurosesa ambiri a Intel amayamba kudzichepetsa liwiro akafika pa 100, a AMD Ryzen pa 90 kapena 95 malinga ndi mtundu wake. Kompyuta siipsa pompo, imangoyamba kukoka miyendo, masewera n'kumadukiza, video yomwe mukukonza n'kumatenga nthawi yaitali kutuluka. Mwini wake amathamangira kunena kuti mwalowa vairasi, chikhalirecho makina akungosowa mpweya.

Choncho musanayang'ane magetsi amitundumitundu aja, yang'anani kumaso kwa kesiyo. Makesi ambiri otsika mtengo ali ndi galasi kapena pulasitiki yosabooka kutsogolo, kumbuyo kwake kuli mafani atatu owala bwino. Mafaniwo ali pafupi kwambiri ndi galasilo moti alibe kokoka mpweya, kupatula timipata ta m'mbali tosakwana chala. Amazungulira, amawala, koma ntchito palibe. Imene mukufuna ndi ya kumaso kwa maunauna, imene m'masitolo amati mesh. Itengeni muiloze kowala: ngati mukuona kuwala kudutsa kumaso konseko, mpweya nawo udutsa. Ngati kompyuta munamanga kale, tsegulani pulogalamu yaulere ya HWMonitor kapena HWiNFO, ipatseni kompyutayo ntchito yolemera kwa mphindi 15, lembani madigiri, kenako chotsani chivundikiro chakutsogolo n'kubwerezanso. Madigiri akatsika kwambiri, dziwani kuti kesiyo ikutsamwitsa makina anu, ndipo kuwonjezera mafani sikuthandiza kwenikweni.

Mpweya uzilowa kutsogolo, uzituluka kumbuyo ndi pamwamba. Fani iliyonse imatulutsa mpweya mbali yomwe kuli timipiringidzo togwira mota. Zina zili ndi timivi m'mphepete, koma mukakayika ikani kapepala kopepuka pafupi muone ngati kakukokedwa kapena kukankhidwa. Malo a mafani masiku ano ndi a mamilimita 120 kapena 140. Ya 140 imakankha mpweya wofanana ndi ya 120 ikuzungulira pang'onopang'ono, motero phokoso limachepa. Kesi yomwe kumbuyo imangolola fani ya mamilimita 80 ndi ya makedzana, isiyeni.

Apa pabwera nkhani ya fumbi, yomwe kuno ndi yaikulu kuyambira nthawi ya mwera mpaka mvula yoyamba. Mafani olowetsa mpweya achuluke kuposa otulutsa: awiri kapena atatu kutsogolo, imodzi kumbuyo. Mukatero mpweya umadzaza m'kesi n'kumatulukira m'timing'alu tonse, ndipo fumbi limangolowera khomo limodzi, lomwe pali sefa. Mukatembenuza, otulutsa n'kuchuluka, kesi imayamwa mpweya paliponse pali kabowo, ndipo fumbi limalowera m'malo opanda sefa. Sefa ikhalepo kutsogolo ndi pansi, ndipo ikhale yoti muisolola osagwiritsa ntchito chida chilichonse. Yofuna kumasula masikuluu anayi, tinene zoona, simudzaitsuka. Ya pamwamba, yogwira ndi maginito, ntchito yake ndi kutchinga fumbi logwa pamene makina azimitsidwa.

Funsaninso mmene mafani obwera ndi kesiyo amalumikizidwira. A mapini anayi, otchedwa PWM, ndi a mapini atatu amalowa pa motherboard ndipo liwiro lawo limasintha malinga ndi kutentha. A pulagi yaikulu yoyera kapena yakuda ya Molex amatenga magetsi mwachindunji ku power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta, ndipo amathamanga liwiro limodzi usana ndi usiku.

Tsopano tepi yoyezera. Pali miyeso inayi yomwe ikalakwika mumabwerera nayo kesi ku Blantyre.

Woyamba ndi wa motherboard. ATX, muyeso womwe Intel inatulutsa mu 1995, ndi mamilimita 305 kwa 244. Micro-ATX ndi 244 kwa 244. Mini-ITX ndi 170 kwa 170. Bodi yaing'ono imalowa m'kesi yaikulu, koma yaikulu siilowa m'yaing'ono. Poyang'ana mwachangu, werengani timipata takumbuyo toikapo makhadi: 7 ndiye kuti kesiyo ndi ya ATX, 4 ndi ya Micro-ATX. Kwa ine, kesi ya ATX yapakati, ija amati mid tower, ndiyo yoyenera kuno ngakhale bodi yanu ili Micro-ATX, chifukwa malo otsalawo ndi a mpweya ndi manja anu. Timakesi ta Mini-ITX n'tokongola, koma tambiri timafuna power supply yaing'ono ya SFX, yomwe ikafa mudikira kuitanitsa kunja.

Wachiwiri ndi kutalika kwa cooler. Ija yobwera ndi purosesa ndi yaifupi, ilowa paliponse, koma pa kutentha kwa kuno ambiri amadzaisintha n'kuika yoimirira ngati nsanja. Zoterezi zokhala ndi fani ya 120 zimatalika pakati pa mamilimita 150 ndi 160, ndipo Noctua NH-D15 imafika 165. Makesi owonda amalekera pa 150 kapena kucheperapo, ndiye mumamanga zonse bwinobwino, pofika potseka chitseko cham'mbali n'kupeza chikugunda nsonga za mapaipi a cooler. Kesi yomwe m'lifupi mwake simukwana mamilimita 200 muikayikire.

Wachitatu ndi kutalika kwa graphics card. Za mafani awiri zambiri zili pakati pa mamilimita 200 ndi 250, za mafani atatu zimapyola 300. Nambala yolembedwa pa katoni ya kesi nthawi zina amayeza mafani akutsogolo asanaikidwe, ndiye chotsanipo mamilimita 25 a fani. Mukaika radiator ya cooler yoziziritsa ndi madzi kutsogolo, chotsanipo pafupifupi 55. Siyaninso mpata wa zala ziwiri, chifukwa khadi imalowa mopendeketsa. Kunena za zoziziritsa za madzi, ine sindizilimbikitsa kwa munthu wokhala kutali ndi masitolo: pampu ikafa kompyuta yaima, pomwe cooler ya mpweya fani ikafa mumangomangirira ina ya 120.

Wachinayi ndi power supply. Ya ATX ndi mamilimita 150 m'lifupi ndi 86 kuchindikala, koma kutalika kumasiyana, kuyambira 140 mpaka 180. M'makesi ambiri kutsogolo kwake kuli kashelefu ka ma hard disk, ndipo mawaya amafuna malo opindikira pakati pa ziwirizi. Onani ngati kashelefuko kamasuntha kapena kuchoka. Kesi yabwino imaika power supply pansi, fani yake italoza pansi, ikukoka mpweya wakunja kudzera pa sefa. Yoika pamwamba imaimwetsa mpweya wotentha wochokera ku purosesa tsiku lonse.

Power supply yobwera limodzi ndi kesi yotsika mtengo ndiyo msampha waukulu. Pa sitika pamalembedwa 500W, koma yang'anani mzere wa 12V, womwe umadyetsa purosesa ndi graphics card. Chulukitsani ma amp ndi 12. Pakalembedwa 18A, ndiye kuti ndi mawati 216 okha. Inyamuleninso m'manja: ikapepuka ngati chitini chopanda kanthu, m'katimo mulibe zambiri zoteteza. Ndi mmene magetsi amazimira ndi kubwerera mwadzidzidzi nthawi ya mvula, yotereyi ikafa siipita yokha, imatenga motherboard. Gulani kesi payokha, power supply payokha. Ndipo pa zakaunjika zochokera ku America, yang'anani kaswitchi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi athu ndi a 230V. Kakakhala pa 115 n'kulumikiza, mumva phu! ndi fungo la utsi.

Pa zakaunjika pomwepo, makesi a Dell OptiPlex ndi HP a mu ofesi ndi olimba zedi, ndipo amakopa chifukwa cha mtengo. Vuto n'lakuti ambiri anapangidwira motherboard yawoyawo. Mabowo a masikuluu sagwirizana ndi a ATX, mawaya a batani loyatsira ali ndi pulagi yachilendo, power supply nayo ndi ya maonekedwe akeake. Owonda aja amangolandira makhadi aafupi a low profile. Ndi abwino kugwiritsa ntchito mmene alili, osati kumangiramo kompyuta yatsopano.

Chitsulo cha kesi chiyeseni ndi chala. Dinikizani pakati pa chitseko cham'mbali: chikabonyoka ngati chitini cha mafuta, malata ake ndi opyapyala, a theka la milimita kapena kucheperapo. Oterewa amanjenjemera hard disk ikamazungulira, mabowo a masikuluu amatha mano msanga, ndipo m'mphepete mwake mumacheka zala. Yendetsani chala mosamala m'mabowo odutsa mawaya muone ngati anapinda m'mphepetemo. Kumbuyo kwa chitsulo chogonapo motherboard kukhale mpata wa mamilimita 20 kapena kuyandikira, apo ayi waya wonenepa wa mapini 24 wochokera ku power supply ukaniza chitseko kutseka. Pakhalenso bowo lalikulu kuseri kwa purosesa, kuti posintha cooler musachite kuchotsa bodi yonse.

Pali kanthu kena komwe mabuku akunja satchula kawirikawiri: alendo. M'kesi ndi mofunda komanso mwamdima, ndiye mphemvu, nyerere ndi nalimata amakondamo. Nalimata akalowa mu power supply n'kugunda malo awiri a magetsi nthawi imodzi, zathera pomwepo, iye ndi power supply yemwe. Amalowera pa timipata takumbuyo tosiyidwa pululu. M'makesi otsika mtengo tizitsulo totseka timipatato n'tothyola, tikachoka sitibwereranso, ndiye thyolani tokhato tomwe khadi yanu ikufuna, ndipo muthyole motherboard isanalowe kuti musaikande. Kachitsulo kotseka malo a mapulagi kumbuyo, I/O shield, kamabwera ndi motherboard osati kesi, ndipo kamaikidwa bodi isanamangidwe. Ambiri amakakumbukira atamanga kale masikuluu onse.

Pomanga, motherboard siigona pa chitsulo mwachindunji. Imakhala pa timiyendo ta mkuwa totchedwa standoff. Bodi ya ATX nthawi zambiri imafuna 9. Werengani mabowo a pa bodi yanu, werenganinso timiyendo ta m'kesi, ndipo kalikonse kakhale pansi pa bowo. Kamwendo kotsala pamalo opanda bowo kamakhudza kunsi kwa bodi n'kuchititsa shoti: mumadina batani, mafani n'kugwedezeka kamodzi, basi zii. Masikuluu nawo ali mitundu iwiri yofanana m'maso. A mano akuluakulu, 6-32, ndi a power supply, makhadi ndi hard disk ya mainchesi 3.5. A mano ang'onoang'ono, M3, ndi a SSD, chosungira mafayilo cha mainchesi 2.5. Sikuluu ikalimba itangoyamba kulowa, musaikakamize, mwatenga yolakwika.

Mawaya akutsogolo kwa kesi muwaone musanagule. A mabatani, Power SW ndi Reset SW, amalowa mbali iliyonse, koma a timagetsi, Power LED ndi HDD LED, ali ndi + ndi -, mukawatembenuza sawala, ngakhale palibe chimawonongeka. Pulagi ya USB 3.0 ili ndi mapini 19 opyapyala omwe amapindika mukailowetsa mopendama. Mapulagi a USB 2.0 ndi a HD Audio (a mawu) amafanana kukula, kusiyana kwake ndi pomwe pali bowo lotsekedwa. Doko la USB-C kutsogolo limagwira ntchito pokhapokha motherboard ili ndi polumikizira pake, zomwe mabodi ambiri otsika mtengo alibe, ndiye musalipirire doko loti lidzangokhala chokongoletsa.

Kesi zambiri zabwino muzipeza ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kapena moitanitsa, ndiye pali ulendo wa minibasi. Musalole kuti ichotsedwe m'katoni yake, ndipo ikhale pamiyendo panu kapena pampando, osati kumbuyo pansi pa matumba. Chitseko cha galasi ndi cholimba pakati koma chofooka m'makona. Kungochigunditsa pa matailosi kapena pa simenti chimaphulika n'kusanduka timiyala. Pochichotsa goneketsani kesi, ndipo galasilo muliike pa katoni kapena pa bedi. Mukamasamutsa kompyuta yomanga kale, monga kupita nayo ku Namwera kapena ku Makanjira, chotsani graphics card, ndipo kesi igone chammbali motherboard ili pansi, kuti kulemera kwa cooler kusaikoke m'mabampu.

Ikafika kunyumba, isakhale pansi pomwe tsache limadutsa m'mawa uliwonse, isakhalenso m'kabati yotseka ya desiki. Ikhale pa tebulo kapena pa kabenchi, kumbuyo kutatalikira khoma ndi chikhatho chimodzi kapena kuposa, kutali ndi zenera lolowa dzuwa la masana. M'chilimwe sefa muzisolola milungu iwiri iliyonse; mukaitsuka ndi madzi iume kaye gwa isanabwerere. M'kati muziphulitsa ndi blower pakatha miyezi itatu, panja, waya wa magetsi mutazula kukhoma. Gwirani fani iliyonse ndi chala pophulitsa, chifukwa ikazungulira mopyola muyeso mabering'i ake amatha, ndipo mawa lake imayamba kulira.