Kuchoka ku community college kukachita applied mathematics ku yunivesite ku California

Wofuna kusamukira ku University of California (UC) kuchoka ku community college, koleji ya zaka ziwiri, amayenera kukwanitsa mayuniti 60 a semesita, GPA yake (avereji ya magiredi) isatsike pa 2.4 ngati ndi wokhala m'chigawochi, kapena 2.8 ngati ndi wochokera kwina. Manambalawa amangokufikitsani pakhomo, ku masukulu a UC a Berkeley ndi Los Angeles (UCLA) mpikisano wake ndi wina. Amene akufuna malo otsimikizika alembetse mu Seputembala TAG (Transfer Admission Guarantee, pangano lokutsimikizirani malo), imene imapezeka ku masukulu a UC a Davis, Irvine, Merced, Riverside, Santa Barbara ndi Santa Cruz basi.

Ambiri amapunthwa posatsegula webusayiti ya ASSIST chaka choyamba. Pamenepo ndi pamene pamaoneka kosi ya koleji yanu imene yunivesite imaivomera m'malo mwa yake. Math 54 ya ku Berkeley imaphatikiza linear algebra ndi differential equations, pamene makoleji ambiri amaziphunzitsa padera, choncho mukatenga imodzi yokha mwatsala theka. Calculus yonse malizirani pa koleji imodzi. Makoleji amagawa mitu mosiyana, ndiye mukadumphadumpha mutha kuphonya mutu wa infinite series osadziwa n'komwe.

Koma vuto lenileni silili pa mapepalawa. Ku koleji, funso la linear algebra limakupatsani matrix ya manambala, muichepetse mzere ndi mzere mpaka yankho lituluke. Mu Math 110, linear algebra yapamwamba ya ku Berkeley, manambala amasowa, funso n'kumati sonyezani kuti ma basis awiri alionse a vector space imodzi ali ndi mavekita ofanana kuchuluka. Mu Math 104, limit imene munkaipeza m'mizere iwiri muyenera kuitsimikizira ndi epsilon ndi delta. Dzina loti applied lisakupusitseni, makosi awiriwa ndi okakamiza pa digiriyi. Wophunzira amene wazolowera ma A amadzidzimuka apa, osati chifukwa mutu wachepa, koma sanalembepo proof (umboni wa masamu) n'kamodzi komwe.

Mankhwala ake ndi kosi ya discrete mathematics musanasamuke. Zolowerani induction ndi contradiction, ndipo proof yoti square root ya 2 si fraction muzitha kuilemba buku lili chitsekere. Kosi ya programming nayo musaisiye, chifukwa numerical analysis imafuna kompyuta kuyambira pachiyambi.

Kupatula Berkeley ndi Merced, masukulu a UC ophunzitsa digiri yoyamba amayendera quarter, teremu ya masabata 10, ndipo mayeso oyamba amatha kubwera sabata lachinayi. Teremu yoyamba musatenge makosi a proof opitirira awiri.